Mtsikana wa M'buku Salira

"Werenganso tsamba lomalizalo."

"Ndawerenga kawiri, achimwene."

"Werenganso. Si iwe unapita ku yunivesite?"

Nyarai anatsegulanso bukulo. Mlongo wake Bothwell anali chiimire pakhomo la nyumba yawo ku Kuwadzana, ovolosi asanavule. Mkulu wawo Rumbi anali atakhala pasofa. Bukulo anabwera nalo dzulo a Liang, oyang'anira fakitale ina ku Graniteside, amene Rumbi anabereka nawo mwana. Anati ndi mphatso ya mwanayo, Mazvita, wa giredi 2.

Nkhani yake inali yosavuta. Kamtsikana kobadwira kunja akukatumiza ku China kwa agogo akuchimuna, kuti kakaphunzire chilankhulo ndi ulemu. Pabwalo la ndege sikakulira. Kakupereka tiyi ndi manja awiri, agogo n'kumwetulira.

"Mabuku otere ndimawadziwa," anatero Nyarai. "Mtsikana wabwino ndi amene sanafunsidwe maganizo. Tikanalemba ife, tikanangowonjezera kugwada."

Mazvita analowa ndi kapu ya tiyi, ataigwira ndi manja awiri. Sanagwade. Anaweramitsa mutu pamaso pa amalume ake. Tiyi anatayikira pazala, iye n'kuluma mlomo osatulutsa mawu, mwana amene pomuluka tsitsi amamveka mpaka kumashopu.

"Pita ukasewere," anatero Bothwell, atalandira kapuyo. Anadikira chitseko chitsekeke. "Achemwali, akumukonzekeretsa mwanayu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndine, ndipo sapita kulikonse."

"Kwathu kuti?" anafunsa Rumbi. "Ku Dedza komwe sunapondeko? Mwanayu ukamuyankhula Chichewa amakuyankha Chishona. Kusukulu amamunena kuti muChina, tikakwera kombi anthu amamugwiragwira tsitsi. Ku China mwina akapumako."

"Kumeneko akamunena kuti chiyani?" anatero Nyarai.

"Iwe khala chete, ulibe mwana," anatero Rumbi.

"Ndilibe, koma ndawerenga mpaka kumapeto. Amayi ake a kamtsikanako akuoneka patsamba loyamba lokha, akukweza dzanja."

Rumbi anayang'ana kuzenera. Panja wogulitsa tomato ankakuwa.

"Akuti zaka ziwiri zokha," anatero motsitsa mawu. "Sukulu zake n'zabwino."

"Akuti?" Bothwell anaika kapu pa TV pang'onopang'ono. "Ndiye kuti mwakambirana kale, ine ndili kuntchito."

"Tangokambirana basi."

"Achemwali, pasipoti ya mwana ili ndi ndani?"