Wanjinga wa Pazenera

A Silvester anali atagwada kuseri kwa kabati, akulimbana ndi chingwe cha batire, pamene Mervis analowa ndi ndowa ya madzi. Chipewa chawo chofiira chija, chimene sachivula ngakhale dzuwa liswe mtengo, chinali chitakola ulusi wa akangaude.

“Iwe Mervis, chingwe ichi chimazuka bwanji?”

Mervis anatula ndowa. Anayang’ana TV, kenako anayang’ana amayi ake, a Lufina, amene anakhala pamphasa atatsamira khoma, m’mutu mwametedwa dzulo lake, maso awo osaona aja atalunjika kumene kunkachokera phokoso.

“Mukuchizuliranji, abambo aang’ono?”

“Paja tinagwirizana m’mawa. Nyumba ndi munda n’za amayi ako. Njinga ndi TV nditenga ine, mng’ono wake wa malemu. Galimoto ya ku Manjawira ibwera cha m’ma sikisi.”

Kunena zoona, panalibe amene anagwirizana nawo. Anthu anangoti chete, ndipo a Silvester ndi munthu woti ukakhala chete amati wavomera. Mkulu wawo, a Paison, anamwalira Lachitatu, n’kuikidwa Lachisanu kumanda a kumtunda kwa Kandeu, amuna atawavinira ngoma mpaka fumbi kuti koboo. Lero linali Lamulungu. Kwa zaka zisanu ndi zinayi a Silvester anali asanaponde pakhomo pano, chikanganiraneni ndi mkulu wawo za malire a dimba la kachewere. Koma atafika pamaliro anangoyamba kulamula ngati munthu amene anangopita kuchigayo n’kubwerako.

“Ndiponso,” anapitiriza a Silvester, atatsitsa mawu koma osati mokwanira, “TV n’ya chiyani kwa munthu wosaona?”

Funso limeneli silinali lachilendo, chifukwa Kandeu yense analifunsapo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Matenda a shuga atawatseka maso a Lufina, iwo analeka kutuluka, analeka kuimba, anangosanduka katundu wa m’nyumba. Ndiye a Paison anagulitsa ng’ombe yawo yamkaka n’kubwera ndi TV, sola ndi batire. Anthu anawaseka mpaka nthiti kuwawa. Lamulungu lotsatira, folo koloko itakwana, a Paison anawakhazika akazi awo pabenchi, iwo n’kukhala pambali, pakamwa pafupi ndi khutu lawo, n’kuyatsa sewero loseketsa la Tiyi wa kwa Jede.

Seweroli linali la Mayi Jede, mwini tiirumu ya m’tauni, ndi amuna awo Bambo Jede, amene ankaopa ntchito kuposa njoka. Zolankhula a Lufina ankadzimvera okha. Zooneka ndi maso zinali ntchito ya a Paison, amene ankawanong’oneza chilichonse: wavala chakuti, watuzula maso, wabisa mandasi m’jekete. Tsiku limenelo a Lufina anaseka koyamba chichokereni kuchipatala. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse nyumbayo inkadzaza ndi anthu omwe aja ankaseka a Paison, aliyense ndi kampando kake. Zimene nkhalambayo inkanong’oneza palibe ankazimva, ngakhale Mervis, amene ankaphunzitsa ku Champiti n’kumabwera pa holide.

A Paison anali ndi tizizolowezi tawo. Tiyi wa Lamulungu ankaphika okha, wa anthu awiri, koma makapu ankatsitsa atatu. Kapu yachitatu, yachitsulo yobiriwira, ankaiika pazenera yopanda kanthu, sewero likatha n’kuibwezera pashelefu. Mervis atafunsa anangomuuza kuti n’ya mlendo, iye n’kungoti ndi ukalamba.

Miyezi iwiri yapitayo a wailesi yakanema analengeza kuti seweroli likutha. A Paison anazunguliza tsikulo ndi bolopeni pakalendala. Ngakhale ali gone kuchipatala, funso lawo linali limodzi: kwatsala Malamulungu angati? Tsiku lozungulizidwalo linali lero.

“Abambo aang’ono,” anatero Mervis, “lero ndi gawo lomaliza. Amayi aonere kaye.”

A Silvester anadzuka, akudzisasa m’mawondo. “Mwana iwe, dothi la pamanda silinaume n’komwe. Ukufuna anthu adutse apa amve chikhakhali m’nyumba ya maliro?”

“Ngati kuyatsa TV lero n’kunyoza maliro, nanga kuinyamula lero n’kuwalemekeza?”

Mervis chibadwire anali asanayankhepo munthu wamkulu chotero, koma sanaweramitse mutu.

Kunja kunamveka odi. Anali a Dauda a pagolosale, kampando kawo kali m’khwapa. Kumbuyo kwawo kunali azimayi atatu, ndipo ena ankatulukira kunjira ya kutchalitchi, onse akuyenda mwamanyazi ngati miyendo ndiyo yawabweretsa popanda kuwafunsa.

“Tabwera kudzapepesa,” anatero a Dauda, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

Apa mpamene a Lufina analankhula, koyamba tsiku limenelo.

“Alamu, bwezeranipo chingwecho. Akulu anu anawerenga masiku mpaka mphamvu kuwathera. Ndisiyeni ndiwamalizire seweroli. Likatha, nyamulani.”

A Silvester anayang’ana anthu amene anadzaza kale pakhomo. Anagwadanso, n’kubwezera chingwe. Kukhala sanakhale, anangoima pafupi ndi chitseko atapinda manja, kuti aliyense aone kuti iwo sali nawo.

Mervis anawakweza amayi ake pabenchi n’kukhala pamalo a bambo ake. Nyimbo yoyambira italira, ena anayamba kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. M’seweromo Mayi Jede ankatseka tiirumu kuti abwerere kumudzi, ndipo analamula amuna awo kuti anyamule mabenchi.

“Bambo Jede abisala pansi pa tebulo,” ananong’ona Mervis. “Miyendo ikuonekera. Mayi Jede akusesa, tsache likuwakanda kuphazi.”

A Dauda ndiwo anayamba kuphulika, akuyesa kubisa ndi chikhatho. Ena onse anatsatira. A Lufina anaseka nawo, koma mochedwa, anzawo atatha kale. Mervis anazindikira kuti ntchito ya bambo ake sinali yamasewera. Mawu ankamuthawa, zinthu zinkachitika iye asanamalize kufotokoza zoyamba, ndipo anachita manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Analimbikira ndithu, thukuta lili kamukamu, mpaka amayi ake anayamba kusekera limodzi ndi anthu.

Sewero litatsala pang’ono kutha, a Lufina anamugwira bondo.

“Nanga wanjinga uja sanadutse?”

“Wanjinga uti, amayi?”

“Wa pazenera la tiirumu. Amadutsa sabata iliyonse.”

Mervis anayang’ana pa TV. Zenera la tiirumu ya Mayi Jede linali lojambula pakhoma ndi penti, ndipo kuseri kwake sikunadutsepo ngakhale nkhuku. Anayang’ana a Dauda, amene anaonera magawo onse osaphonya. A Dauda anapukusa mutu pang’onopang’ono.

“Simumudziwa?” A Lufina anakweza mawu, kuti nyumba yonse imve. “Wa chipewa chofiira. Amanyamula thumba la kachewere pakaliyala. Dzino lake lakutsogolo n’lobenthuka, akuti anagwa pamsika ali mnyamata, akucheukira mtsikana wogulitsa tomato.”

Palibe amene anauza mnzake, koma mitu yonse inatembenukira kuchitseko. A Silvester anatseka pakamwa msangamsanga. Ku Kandeu kuno ndani sankadziwa za tsiku limene Silvester anamwaza kachewere msika wonse chifukwa cha Emma, amene tsopano ndi mkazi wake?

“Amatani wanjingayo?” anafunsa a Silvester, mawu ali okwinyika.

“Amafika pazenera, n’kutsitsa phazi limodzi pansi. Amasuzumira m’kati, kuona anthu akumwa tiyi. Amakhala ngati alowa, koma amakoka chipewa n’kupitirira. Akulu anu akamaliza kundiuza ankati, usadandaule Lufina, ameneyu n’ngouma mutu koma si woipa. Tsiku lina adzalowa.”

Pa TV Mayi Jede ankakalipira amuna awo, koma panalibenso amene ankamvetsera.

“Alamu,” anatero a Silvester, “munthu ameneyo m’seweromu mulibe.”

“Ndikudziwa. Maso ndiwo anafa, makutu ndili nawo. Njinga yanji yodutsa zaka zonsezi osalira belu ngakhale kamodzi? Anayamba kudutsa Lamulungu lotsatira tsiku munakanganirana dimba lija. Ine ndinkangowasiya akulu anu, chifukwa ndi pokhapo pamene ankakuonani.” Anatembenukira kwa mwana wawo. “Ndiye ndikufunsa, Mervis. Lero ndi lomaliza. Walowa?”

Mervis atakweza maso anapeza pachitseko palibe munthu.

Anaganiza kuti a Silvester akwiya, apita kumsewu kukadikira galimoto yawo. Anayamba kufunafuna bodza labwino loti awauze amayi ake, longa la bambo ake. Asanalipeze, kuseri kwa nyumba kunamveka kulira kwa tcheni chouma. Njinga ya a Paison, imene inatsamira nkhokwe chidwalireni mwini wake, inali kuyenda.

Belu linalira kawiri.

Pazenera lenileni la nyumbayo panatulukira chipewa chofiira. A Silvester, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene anali atatha zaka asanakwere njinga, anabwera akuyendayenda uku ndi uku ngati woledzera. Anafika pazenera, anatsitsa phazi limodzi, n’kusuzumira m’kati. Misozi inali itatsikira mpaka m’ndevu.

Mervis anayandikitsa pakamwa pakhutu la amayi ake.

“Wafika, amayi. Waima pazenera. Akusuzumira.”

“Belu ndalimva. Wakoka chipewa?”

“Ayi. Wachivula.”

Anthu a ku Kandeu anaona dazi la a Silvester koyamba tsiku limenelo, ndipo a Dauda, ngakhale ankalira, analephera kudzigwira. Chiseko chinagwira nyumba yonse, cha misozi ndi mamina, mpaka odutsa m’njira anaima kumvetsera. A Lufina ankaseka atagwira m’mimba, mofanana ndi mmene anasekera Lamulungu loyamba lija. Pa TV Mayi Jede anakhoma loko pachitseko cha tiirumu, anawagwira dzanja amuna awo, ndipo nyimbo yotsanzikira inayamba. Osewera onse anatulukira akubayibitsa, anthu m’nyumbamo n’kubayibitsa nawo.

A Silvester anatsamiritsa njinga pakhoma, anazungulira n’kuima pakhomo, chipewa chili m’manja.

“Odi kuno.”

“Walowa, amayi,” anatero Mervis.

“Lowani, alamu. Mwachedwatu.”

A Silvester anagwada patsogolo pa a Lufina n’kuwagwira manja onse awiri. Anakhala chomwecho nthawi ndithu. Podzuka anayang’ana TV, n’kukhosomola.

“Chingwe chijatu n’chakutha,” anatero. “Chingadzakuotchereni nyumba. Lamulungu likubwerali ndibwera ndi chatsopano, ndidzalumikize ndekha.”

“Sewero latha, abambo aang’ono,” anatero Mervis. “Lamulungu likubwerali kulibe.”

“Adzaika lina. Ndipo iwe sutha kufotokoza, umachedwa. Ukabwerera ku Champiti, alamuwa adzawauza ndani?”

Galimoto ya ku Manjawira itafika, a Silvester anatuluka kukauza dalaivala kuti katundu palibe, ndipo iwo adzapita mawa. Mervis anamva mtima wake ukupepuka kwa nthawi yoyamba chichokereni Lachitatu. Anapita kukhitchini kukatereka ketulo.

Pobwera anatsitsa makapu pashelefu. Anatenga ya amayi ake ndi yakeyake. Ya bambo ake anaisiya pamalo pake. Kumbuyo kwenikweni kunali kapu yobiriwira ija, ndipo ataitsitsa anaona kuti inalibe fumbi ngakhale pang’ono, m’kati mwake muli mbee, mosagwapo dontho la tiyi.

“Watenga yobiriwira?” anafunsa a Lufina, atamva kulira kwa chitsulo.

“Ndatenga, amayi.”

“Usaiike pazenera.”

Mervis anathira tiyi mpaka pakamwa pa kapu, anagwada, n’kuipereka kwa a Silvester ndi manja awiri.