Ntchenzi ya Moyo

1.
Ya moyo, anatero a Dokotala Chimbalanga. Mukandipezera ntchenzi ya moyo, ubongo wake mudula nokha. Maselo a ubongowo akaoneka pagalasi lanu, malo a wothandiza mu labu muno ndi anu. Akapanda kuoneka, ena ali pakhomopo akudikira.
Zione, amene chibwerere ankangotsuka mabotolo, anavomera ndi mutu. Chala chinali kale pa foni.

2.
Achemwali, Sungeni akupuma?
Akupuma, anayankha Esinati, mkulu wake, amene amatsala ndi khanda la Zione masana. Wagona.
Tamuikani chala pamphuno.
Iwe, ndalera anayi ine.

3.
Mwamuna wa Esinati, a Ledisoni, ndiwo katswiri wa ntchenzi dambo lonse. Anafika Loweruka mano onse pamtunda, kajumbo m'manja.
Nawu mutu wanu uja, mlamu. Kwinako musadandaule, tadya.
Zione anamasula. Pankhongo panali phala lokhalokha. Ntchenzi amaipha choncho, chibonga chimodzi pankhongo, mkono umachita wokha mwini wake asanaganize. Pomwepo ndi pamene pali tsinde la ubongo, chokhacho chimene a Dokotala ankafuna.
Alamu, ndinati ya moyo.
Inali ya moyo ndithu. Mpaka pamene tinakumana.

4.
Zimene a Dokotala anajambula pabolodi:
gulu la maselo pakati penipeni pa tsindelo, londondozana ngati nyerere, lopanga mankhwala a m'ubongo otchedwa serotonini
kagulu kena cham'mbali, kokhalitsa thupi tcheru
lina chakumtunda, la dopamini, lothandiza kuti miyendo imvere
khoswe ali nawo
mbuzi, mleme, munthu
malo ake pafupifupi omwewo
Ngakhale khanda? anafunsa Zione.
Ngakhale khanda. Apakatiwa amathandiza kumudzutsa mpweya ukachepa.
Zione sanamvenso zotsatira. Ankafuna kuwaona ndi maso ake, lero lomwe, pompano.

5.
Ulendo wachiwiri Zione anapita nawo a Ledisoni kudambo, chitenje chomangira m'chiuno, nalanda chibonga cha alamu ake n'kuchiponya m'madzi, iwo akulira kuti ndi cha malemu bambo awo, agalu atamangidwa pamtengo akuuwa mokwiya, bango likucheka miyendo, matope mpaka m'mawondo, a Ledisoni akukuwa uko mlamu uko, chinthu chabii chikudutsa, chikubwerera, chikudutsanso, thumba lili yasa, mkono wa a Ledisoni ukukwera wokha m'mwamba ngakhale mulibe kanthu m'manja ndipo Zione atalendewera pa mkonowo ngati mwana pa nthambi akuti musayerekeze alamu musayerekeze, mpaka onse awiri anagwera pathumba ndipo thumbalo linayamba kugunda pansi pa mimba zawo

6.
Mu minibasi, ndowa yoboola pamiyendo, khutu pa chivundikiro.
Ikupuma.
Mayi, muli chiyani umo? anafunsa kondakitala.
Ntchito yanga.

7.
A Dokotala anaigonetsa ndi jakisoni, siinadzukenso. Ubongo unakhala m'mankhwala, kenako unaumitsidwa ndi chisanu.
Tsopano iwe, Zione. Foni ili m'dirowa. Mpeni wa makina ukutsika, kachidutswa kakupindika kopyapyala kuposa khungu la anyezi, ukukanyamula ndi kaburashi. Koyamba kang'ambika. Kachiwirinso. M'dirowa simukulira kanthu koma khutu lako lili komweko. Kachitatu kagona bwino. Usapumire pamenepo. Dulanso.

8.
Utoto utagwira, Zione anaika diso pa maikulosikopu.
Mbuu.
Anapotoza pang'ono.
Timadontho ta mtundu wa khofi, tili pamzere pakati penipeni, kalikonse ndi timizu take, tina titaunjikana ngati anthu pachigayo. Anafuna kuseka, m'malo mwake kunatuluka ntchofu ya misozi.
A Dokotala anamusuntha ndi phewa, nayang'ana nthawi yaitali.
Mawa mubwere ndi nsapato zotseka, anatero. Gauni yoyera mupeza pachitseko.

9.
Anathamangira kwa Esinati, nanyamula Sungeni ali m'tulo, chala chikusisita kankhongo kofewa.
Maselo aja ali umu, achemwali. Ndawaona. Ali pamzere, sagona.
Ndiye usiya kundiimbira?
Ndichepetsa.
A Ledisoni anali pakhonde akusema chibonga chatsopano.
Basi mwatchuka, mlamu, muziyenda ndi gauni ngati m'busa. Koma musanyade, ija inali yopusa. Ntchenzi ikamva agalu imapita, siitembenuka. Ija inkangobwerera pachitsamba chomwe chija. Poiika mu ndowa m'manja monse munali mkaka.
Sungeni anadzuka, nayamba kufufuza pachifuwa ndi kamwa.
Zione anayang'ana dzuwa. Linali lisanalowe.
Alamu, chitsamba chija mungachikumbuke?
Ndingachikumbuke.
Tiyeni. Agalu atsale.