Malambe Tinali Awiri

Mu Ogasiti 2016 ndinalandira imelo yochokera kwa eni ake a gemu ina ya pa intaneti imene ndinkasewera ndili pa koleji. Ankatsanzika. Anati osewera achepa, ndiye Loweruka lomaliza la mweziwo, 4 koloko madzulo, atseka zonse, ndipo wofuna kuliona komaliza dziko lija alowe nthawi isanakwane. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinatseka chitseko cha ofesi chifukwa nkhope inkanditentha ngati munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'malaya. Sikuti ndinkalira gemu ayi. Ndinakumbuka achemwali anga, a Petronela, ndi mawu amene ndinawanenera zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, omwe ndinali ndisanawapepesebe.

Gemuyo ndinaiyamba mu 2008 ku Ndirande, mu kafe ya intaneti ya bambo Majidi, kachipinda ka makompyuta asanu kuseri kwa anyamata owotcherera mawindo. Munthu unkapanga kamunthu kako, kukapatsa dzina ndi ntchito, n'kumayenda nako m'dziko lojambula la mapiri, mizinda ndi zilombo, uku ukukumana ndi tianthu ta anthu enieni a kumayiko ena. Intaneti ya bambo Majidi inali yaulemu kwambiri, yosafuna kupupuluma. Ukadina kuti kamunthu kathamange, kankayamba kaganiza kaye. Koma tinkaikonda choncho. Mpaka lero ndikamva fungo la chitsulo chowotcherera, m'mutu mwanga mumalira kanyimbo ka pachipata cha mzinda wa m'gemumo.

Achemwali ankagwira ntchito ku Chilomoni, pa shopu yotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Sukulu anailekezera Fomu 2 bambo athu atamwalira, kuti ine ndipitirize. Yunifolomu yanga, makope anga, ngakhale dikishonale imene ndinkanyadira ija, zonse zinatuluka m'zala zawo. Pa shopupo panali kompyuta ya intaneti, ndipo Loweruka masana makasitomala akatha, mwini shopu sankawaletsa kuigwiritsa ntchito. Tsiku lina ndinawaonetsa gemuyo kuti angoona zimene ophunzirafe timachita. Pofika madzulo anali atandilanda mpando.

Kamunthu kathu anasankha ndi iwo. Ine ndinkafuna wankhondo wa lupanga lalitali, iwo anakana. Anati aliyense akufuna kupha, nanga wobaya jakisoni akhala ndani? Choncho tinapanga sing'anga, amene ntchito yake inali kuima kumbuyo n'kumachiritsa anzake akavulala pankhondo. Dzina anamupatsa lakuti Malambe, pokumbukira malambe amene tinkatola tili ana kwathu ku Nsanje.

Vuto linali magetsi. Nkhondo zazikulu zinkachitika Loweruka masana, anthu khumi ndi awiri kulimbana ndi chilombo chimodzi kwa maola awiri, ndipo sing'anga akasowa pakati pa nkhondo, onse ankafa. Nanga ife kuno magetsi anali kuzima osagogoda. Amene anapeza nzeru ndi achemwali. Anaona kuti Ndirande ndi Chilomoni nthawi zambiri sankazimira limodzi. Ndiye tinagwirizana kuti Malambe akhale mmodzi, pasiwedi imodzi, koma manja anayi. Magetsi akazima kwa bambo Majidi, ndinkaflasha foni ya achemwali kamodzi, iwo n'kulowa pomwepo. Akazima kwawo, ankandiflasha ine. Sitinkafunika kulankhula. Foni ikangolira kamodzi n'kuduka, tanthauzo lake linali lakuti lowa, anthu akufa.

Mkulu wa gulu lathu anali mzungu wina wa ku Sweden, amene ife tinkamutcha Ndevu chifukwa kamunthu kake kanali ndi ndevu zofika pamchombo. Ndevu ankadabwa kuti sing'anga wa ku Africa sajomba. Ankandiyamikira pamaso pa onse, ine n'kumalandira ulemuwo ndi manja awiri. Sindinawauze kuti tili awiri. Ndinene zoona pano: wodziwa kuchiritsa anali achemwali. Zala zawo zinali zozolowera kutayipa, ndipo maso awo ankaona amene watsala pang'ono kufa mwini wakeyo asanadziwe. Ine luso langa linali pakamwa. Ndinkalemba Chingerezi cha m'mabuku, kuseka nthabwala zimene sindinkazimvetsa, n'kumadzimva ngati ndine mnzawo wa azunguwo.

Achemwali sankalemba zambiri m'gemumo. Koma gulu linali ndi kabolodi kake ka mauthenga, kamene aliyense wolowa ankawerenga, ndipo nthawi zina iwo ankalembapo pang'ono m'Chingerezi chawo cha Fomu 2, kuwauza anthu kuti asaime pamoto kapena kuti asamangothamanga ngati mbuzi. Loweruka lina nditalowa, ndinapeza anthu akuseka. Wina anali atakopera mawu a achemwali n'kuwaikanso pabolodi, ena n'kumawonjezera zawo. Mnyamata wina anafunsa ngati Malambe amayamba walawa kaye asanachiritse anthu, chifukwa tsiku lina amalankhula ngati pulofesa, tsiku lina ngati mwana.

Kunali kuseka wamba, ndikuona tsopano. Ndikanangoseka nawo, kapena kunena kuti ndi achemwali anga ndipo ndi amene amakupulumutsani. Koma manyazi a munthu wa mabuku ndi oipa. Ndinalemba, m'Chingerezi chosalala bwino, kuti pepani anzanga, nthawi zina ndikachoka wantchito wa pakhomo pathu amagwira kompyuta yanga, ndimuletsa. Wantchito, ine amene ndinkagona pamphasa m'chipinda cha lendi, malaya anga akuchapidwa ndi sopo wa achemwali omwewo. Anaseka kwambiri, ndipo nane ndinamva kukoma.

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nkhondo itangoyamba, makina a owotcherera aja anangoti zii, makompyuta onse asanu n'kuda. Bambo Majidi anatukwana pang'ono monga mwa nthawi zonse. Ine chala changa chinachita zimene chinazolowera: chinatulutsa foni n'kuflasha achemwali. Foni itaduka m'pamene ndinakumbuka kuti mawu aja akadali pabolodi, pamwamba penipeni, pomwe munthu wolowa amayambira kuwerenga.

Ndinakhala panja pa kafe maola atatu, ndikuyang'ana anthu akudutsa ndi matumba a makala. Magetsi atayaka ndinalowa. Nkhondo inali itatha, chilombo chitafa, palibe ndi mmodzi yemwe wa gulu lathu amene anagwa. Ndevu analemba kuti sanaonepo Malambe akuchiritsa ngati tsiku limenelo. Achemwali sanalembe chilichonse. Mawu anga anali pompo, osafufutidwa.

Mawa lake tinakumana ku Misa. Anandipatsa moni, kundifunsa za mayeso, kundipatsira chigumu m'kapepala. Za gemu sanatchule. Loweruka lotsatira magetsi atazima ndinawaflasha, koma Malambe sanadzuke, ndipo gulu lonse linafa. Ndinayesanso sabata inayo, chimodzimodzi. Ndinamvetsa. Patatha miyezi iwiri, Ndevu anapeza sing'anga wina, chifukwa ine pandekha ndinali wongolankhula. Nane ndinasiya.

Anthu amaganiza kuti chilango chachikulu ndi kukalipiridwa. Achemwali sanandikalipire. Anasita malaya anga a tsiku lolandira digiri, anavina pa ukwati wanga, anandigwirira mwana wanga pa ubatizo. Koma chiyambire tsiku la mawu a pabolodi aja, foni yanga sinalirepo nambala yawo. Nkhani ikakhalapo ankatuma alamu, kapena kudikira kuti ndiimbe ndine. Ndikapita kwawo ankandiyalira nsalu patebulo ngati mlendo wochokera ku boma. Ine ndinkadziuza kuti anaiwala, kuti inali nkhani ya gemu chabe. Ndinkadzinamiza, ndipo ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza.

Loweruka lotseka gemulo ndinanyamula laputopu n'kukwera minibasi ya ku Machinjiri, kumene achemwali anamanga ndi amuna awo. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinawauza kuti gemu ija akutseka lero, ndipo ndaganiza kuti tikamuone Malambe komaliza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasuntha lichero kuti pabenchi papezeke malo. Pasiwedi ndinali nditaiwala. Iwo anainena pamtima, maso ali pa nyemba.

Kanyimbo ka pachipata kanalira, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika pang'ono. Malambe anali ataima pomwe ndinamusiya, ndi mkanjo wake wobiriwira. Achemwali anaseka n'kunena kuti onani, anzake takalamba iye akadali mnyamata. Tinayenda naye pa mlatho umene tinkagwerapo intaneti ikakakamira, pa msika pomwe iwo ankanenerera mitengo ya mankhwala ngati ali mu msika wa Limbe. Kwa mphindi zingapo tinali ngati kale, kulozerana ndi zala, kutsutsana za njira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zitha choncho, popanda ine kunena kanthu. Wamantha amakonda njira zotere.

Pabwalo la mzinda panali tianthu tambirimbiri, anthu obwera kudzatsanzikana. Pakati pawo panali ndevu zofika pamchombo. Ndevu anatizindikira msanga, ndipo mawu ake anatuluka pakompyuta, tonse awiri tikuwerenga. Anati akusangalala kwambiri kumuona Malambe. Anati iwo ankadziwa kalekale kuti Malambe ndi anthu awiri, wina wolankhula, wina wochiritsa. Kenako anafunsa ngati wantchito uja akadali pakhomo panga, ndipo ngati alipo ndimupatse moni, chifukwa chichokere iye gulu silinapezenso sing'anga wotero.

Mlandu suola. Achemwali anapukuta manja pachitenje, kukoka laputopu, n'kutayipa ndi zala zonse khumi, mwaliwiro lomwe lija. Analemba kuti wantchito alipo, ali bwino, ndipo akubweza moni. Anatumiza.

Zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Ankanditchinjirizabe, kuti ndisaoneke wabodza pamaso pa anthu oti sindidzawaona mpaka kufa. Ndinalanda laputopu n'kuyamba kulemba mofulumira kuti ndinanama, si wantchito, ndi achemwali anga, ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Chingerezi chinkangotuluka chokha, chokoma, chopanda chilema. Ndisanatumize, dzanja lawo linatsika n'kutseka laputopuyo pang'onopang'ono.

"Azunguwo sanakulere, Venansio," anatero. "Ngati uli ndi mawu, ine ndili pano."

Ndinatsegula pakamwa. Munthu amene ndimalankhula pamisonkhano ya kuntchito popanda pepala, Chinyanja cha tsiku ndi tsiku chinandithawa. Nkhuku inadutsa n'kujompha nyemba imodzi imene inagwa. Alamu anatulukira pakhomo, kutiyang'ana, n'kubwerera m'nyumba.

"Achemwali, ndinakuchitirani manyazi," ndinatero pamapeto pake. "Chizungu chimene munandigulira inu nomwe, ndi chimene ndinakunyozerani. Ndinalakwa. Pepani."

Anatenga lichero n'kupeta kangapo. Kenako ananena, osakweza mawu, kuti tsiku lija anasewera misozi ikugwera pa mabatani, moti mwini shopu anaganiza kuti kwagwa maliro. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanangotulukira pomwepo n'kutisiya tife.

"Anthu anali pankhondo," anatero. "Iwo analakwa chiyani?"

Titatsegulanso laputopu, 4 koloko inali itadutsa. Panali chithunzi cha chipata chotseka ndi mawu othokoza. Zimene ndinalemba zija sizinapite kulikonse. Ndevu, kulikonse kumene ali, mpaka lero amadziwa kuti ku Malawi kuli wantchito wina amene ankachiritsa bwino kuposa bwana wake, ndipo palibenso njira yoti ndimuuzire zoona. Chimenecho ndidzafa nacho.

Achemwali anandiperekeza mpaka pamsewu. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa. Anangoti ndipereke moni kunyumba. Ndinakwera minibasi mtima uli wolemera, laputopu ili pamiyendo, mayi wina atandisenzetsa thumba la tomato.

Tikuyandikira ku Chirimba, foni inalira m'thumba kamodzi n'kuduka. Ndinaitulutsa movutikira pansi pa tomato uja. Inali nambala ya achemwali. Ndinaiyang'ana mpaka kondakitala anandigwedeza paphewa, kenako ndinaimba.

"Waiwala chaja cha laputopu yako pabenchi," anatero. "Ubwere Loweruka udzatenge. Usadye kwanu."