Nsapato pa Chopondera

Ululu unayamba mu Malichi. Unkachokera m'thako lakumanja, n'kutsika ntchafu ngati waya wamoto mpaka ku chala chachikulu. Atelala ankaponda makina osokera ndi mwendo womwewo, ndipo mwendowo ndi umene unkawadyetsa. Pofika mu Meyi sankatha kumaliza buluku limodzi osaima, ndiye mwana wawo anawapezera dokotala wowongola misana. Mwanayo ankakhala kuntchito tsiku lonse, choncho amene ankawaperekeza Lachisanu lililonse anali mkazi wake.

Mpongoziyu anali waulemu. Ankalowa nawo m'chipinda, n'kukhala pampando wa pakona, jekete la atelala lili pamiyendo, maso pansi. Atelala anakana kuvula malaya iye ali pompo, ndipo dokotala anazolowera kuwakanikiza msana pamwamba pa nsalu.

Tsiku loyamba dokotala anawasonyeza msana wapulasitiki umene unali patebulo. Anati pakati pa mafupa pali kamtsamiro kofewa, ndipo kawo kanatuluka pang'ono n'kupana mtsempha wopita kumwendo. Anawaphunzitsa kugona chagada n'kukokera bondo pachifuwa, kugona chafufumimba n'kudzuka ndi zigongono, ndiponso kuimirira n'kuyendayenda akasoka kanthawi.

"Koma ichi musaiwale, bambo," anatero. "Mukamva dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo ukayamba kuvuta, kapena phazi likafooka, musabwere kwa ine. Pitani kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Mtsempha ukafa sudzukanso."

Atelala anayang'ana kudenga. Pakona paja mpongozi anasuntha jekete.

Masewerawo anathandiza. Mu Juni atelala ankagona pansi kuseri kwa kauntala, pakati pa zidutswa za nsalu, n'kumakoka bondo. Wometa wa khomo loyandikana ankasuzumira.

"Achimwene, mwayamba kubereka kodi? Ndiitane azamba?"

"Pita ukamete nsabwe zako uko."

Lachitatu lina anafuna kuthira makina mafuta. Anawerama, n'kunyamula mutu wachitsulo wa makinawo okha, ndipo china chake chinaduka m'chiuno ngati ulusi. Tsiku limenelo analira ngati mwana. Kutacha Lachinayi, ululu unali utatheratu. Anakhala pabedi n'kumadikira kuti ubwerere, koma mwendo unali zii. Kubafa anaima nthawi yaitali, mkodzo n'kutuluka madontho okha, ndipo podzipukuta pakati pa miyendo sanamve thaulo. Anadziuza kuti ndi kuzizira.

Lachisanu dokotala anawayang'anitsitsa akulowa.

"Lero muli bwanji?"

"Ndachira, adokotala. Ululu mwaupha."

"Watha pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi?"

"Wangotha."

Dokotala sanamwetulire. "Mkodzo ukuyenda bwino? Pokhalira pakumveka mukakhudza?"

Atelala anamva mpando wa pakona ukulira. Mkazi wa mwana wawo anali pompo, mtunda wa mkono umodzi. Mwamuna wa imvi angatchule bwanji za m'kabudula pamaso pa mpongozi?

"Zonse zili bwino," anatero.

"Mayi, mungatidikire panja?"

"Asiyeni akhale," anafulumira atelala. Kumutulutsa kukanakhala kuvomera kuti pali chobisa.

Dokotala anawauza kuti ayende ndi zidendene. Phazi lamanzere linadzuka, lamanja linagwa pansi kuti phwa.

"Nsapatoyi ndi yaikulu," anatero atelala.

"Lero sindikukhudzani msana," anatero dokotala. "Phazi ili silikundisangalatsa. Pitani kuchipatala chachikulu lero lomwe, akakujambuleni. Mayi, mwamva?"

Ali panja mpongozi anafunsa ngati aitane takisi. Atelala anati ali ndi diresi la mkwatibwi lofunika Loweruka masana, akapita Lolemba.

Anawonjezera kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, apongozi. Ine sindikumva kanthu."

Loweruka m'mawa anatsegula shopu. Anayala nsalu yoyera pansi pa singano n'kuponda. Makina anathamanga, n'kuima, n'kubwerera m'mbuyo, ulusi n'kupotana. Anayang'ana pansi. Phazi linali pachopondera, koma ankaliona ngati la munthu wina. Analikankha ndi dzanja pabondo, ndipo msoko unapita mokhota. M'mimba munali mutauma ngati ng'oma.

Mpongozi anafika ndi tiyi m'fulasiki. Anaima pakhomo, osalowa.

"Bambo, taimani kaye."

"Ndili pantchito."

"Mwakhalira kamtsamiro ka mapini."

Atelala anapisa dzanja pansi pawo n'kukatulutsa. Mapini ena anali atapindika, awiri anatsalira m'buluku. Sanamve ngakhale imodzi. Kenaka anaona kuti dzanja lawo lanyowa, mpando wanyowa, ndipo pasimenti pali kamtsinje kopita kumwendo wa makina. Anakoka nsalu ya mkwatibwi kuti adziphimbe, n'kuisiyanso.

"Tulukani, apongozi," anatero motsitsa mawu. "Chonde."

Mpongozi sanatuluke. Anatenga jekete pamsomali n'kuwamanga nalo m'chiuno, maso ake ali kukhoma.

"Zayamba liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi! Ndiye dzulo munanama chifukwa cha ine?" "Manyazi anapha lambe, bambo. Ine ndasambitsa ana, ndinasambitsa mayi anga mpaka tsiku lomaliza. Mukanangonditulutsa."

Anakuwira wometa kuti aimitse takisi. Wometa anabwera ndi nthabwala pakamwa, koma ataona pansi anaimeza. Awiriwo anawagwira m'khwapa mpaka kumsewu.

M'galimoto mpongozi anaimbira dokotala uja, n'kumvetsera, n'kubwereza kuti, "Lachinayi m'mawa." Kenaka dokotalayo anati akafika kuchipatala chachikulu anene zonse pakhomo pomwe, asakhale pamzere.

"Akuti chiyani? Ndipondanso makina?"

"Akuti tifulumire," anatero mpongozi, n'kuuza dalaivala kuti adutse njira yachidule.

Atelala anawerama kuti akonze phazi limene linapindikira pansi pa mpando. Linali ndi sokosi yokha, yodetsedwa ndi fumbi la msewu, chala chachikulu chikutuluka magazi. Nsapato inatsala kushopu, pachopondera. Anatsina chalacho ndi zikhadabo, n'kudikira.