Chiuno cha Apongozi pa Laputopu

"Osati kumenya, ba sisi, ni kugogoda chabe. Kawiri, mwamsanga, monga nkhuku ikujompha chimanga," anatero Victoria atagwira chala cha mkulu wake Estina.

Estina anagogoda. Kamuvi ka pa sikirini kanathawira pakona n'kukabisala. Chala chakecho chinazolowera kusankha matimati akupsa pa thebulo lake la m'mbali mwa msewu waukulu pa Chinyunyu, ndipo chikagwira chinthu chinkagwiradi. Zosisita kabwalo kakang'ono ka laputopu ngati ukunyengerera khanda zinali zachilendo.

"Kathawanso kanthu kako," anadandaula motero.

"Sikathawa, ni imwe mukapirikitsa. Yesani futi."

Laputopuyo inali ya Victoria, nesi wa ku Rufunsa, ndipo munali zithunzi ndi mavidiyo a ukwati wa Emeliana, mwana woyamba wa Estina. Mawa lake, Lamulungu ikatha Misa, Emeliana ankabwera ndi mwamuna wake Reuben pamodzi ndi makolo a mwamunayo kudzaonera vidiyo ya ukwati. Victoria anayenera kudzakhala pa ntchito tsiku limenelo. Emeliana akanatha kuyendetsa makinawo atatsinzina, koma Estina anakana kwamtuwagalu. Ankafuna kuti asewere ake, amene anali aphunzitsi opuma ochokera ku Katete, aone ndi maso awo kuti ogulitsa matimati nawonso sali m'mbuyo.

Motero anaphunzira. Batani lalitali la m'munsi ndi loimitsa ndi kuyambitsanso vidiyo. Timabatani tiwiri ta pamwamba, kena n'kokweza mawu, kena kotsitsa. Zithunzi zimene zinatuluka mbuu, kapena zimene munthu anajambulidwa akutafuna, unkangoziloza ndi kamuvi n'kudina batani la pakona, basi zapita. Estina analikonda kwambiri batani limeneli. Anachotsa nalo chithunzi cha mwamuna wake Mordecai akusinza m'tchalitchi, akuseka yekha.

"Manje onani iyi," anatero Victoria maso akuwala ngati wa chiwembu. Anatsegula vidiyo ina n'kuidumphitsa mpaka pakati.

Ng'oma inalira. Pa sikirini panaoneka bwalo la amayi akuomba m'manja, ndipo pakati pawo panali mayi wina atamanga chitenje m'chiuno, nsapato atataya uko, akutyola chiuno mpaka kufika pansi n'kukweranso. Estina anayamba kuseka, kenako kuseka kuja kunamuthera pakamwa. Mayiyo anali iyeyo.

Zinachitika pa kicheni pate ya Emeliana, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya. Mkwati ndi abale ake onse anali atapita kale kukakwera basi, kwatsala amayi a pamudzi okhaokha. Estina anali atasangalala mopitirira muyeso, ng'oma inamulowa m'mafupa, ndipo anavina monga ankavinira ali namwali. Sanadziwe kuti foni ya mng'ono wake inali maso.

"Chotsa! Victoria, chotsa msanga!"

"Awe mwandi. Iyi ndiye yopambana zonse. Wapampando wa gulu la amayi a Anna Woyera ku tchalitchi, uja amakalipira atsikana pa masiketi aafupi!"

"Usaseke, iwe. Akaona mkamwini ndidzayenda bwanji pamudzi pano? Mpongozi wanga aone chiuno changa?"

Imeneyi sinali nkhani yoseketsa kwa Estina. Chiyambire kubwera pakhomopo, Reuben anali asanamuyang'anepo m'maso. Akakumana pa njira, mnyamatayo ankapatuka n'kunjuta, kupereka moni akuyang'ana pansi. Sankadyera pamodzi, sankakhala mphasa imodzi. Ulemu umenewu Estina ankaunyadira kuposa mphatso zonse za ukwati, ndipo ankadziwa kuti ukangosweka, palibe ulimbo womatira.

"Mavidiyo ali awiri chabe," anatero Victoria akunyamula chikwama. "Mukatsegule ya ukwati, iyi mukaisiye. Chavuta n'chani?" Minibasi inaliza hutala ku msewu, ndipo anathamanga akusekabe.

M'mawa mwake Estina anadzuka mtima uli m'mwamba. Chinthu chikakhalapo, chimatha kutseguka chokha. Asanavale za ku tchalitchi anatsekula laputopu, nanyengerera kamuvi mpaka kufika pa mavidiyo awiri aja. Apa ndiye panagona vuto. Mayina awo anali manambala ataliatali osamveka mutu wake. Pamwamba pa dzina lililonse panali kachithunzi kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo ponse pawiri panali amayi ovala chitenje chimodzimodzi chachikasu, chifukwa amayi a banjalo anagula mpukutu umodzi n'kuvala pa maphwando onse awiri.

Anayandikiza nkhope. Pa kachithunzi kena amayi anali atakhala phee, mitu yowerama. Pa kenako anali chiimire, manja m'mwamba, pakamwa yasa.

"Ndakupeza," ananong'ona. Analoza ka manja m'mwamba kaja n'kudina batani la pakona. Kanazimiririka osasiya ndi fumbi lomwe. Akanatha kutsegula kaye kuti aone, akanatha kuimbira Victoria, koma ankaopa kusekedwa. Safunsa anadya phula. Ku Misa anaimba mokweza kuposa masiku onse.

Masana alendo anafika. Atadya, amuna kwaokha amayi kwaokha, onse anasonkhana m'chipinda chochezera. Mordecai anali atabwereka sipika yaikulu kwa mnzake wa golosale, akuti mawu a laputopu ndi a udzudzu. Bambo ake a Reuben, a Phinias, anapatsidwa mpando wa ndalema. Akazi awo a Mailesi anakhala pa mphasa, msana chilili, magalasi ali pamphuno, nkhope ya munthu amene wakhala akulemba ana ochedwa moyo wake wonse. Reuben anasankha kampando ka pafupi ndi khomo, kutali ndi apongozi ake monga mwa mwambo. Ana a oyandikana nawo anadzaza mawindo.

Estina anapukuta manja, nagwada patsogolo pa thebulo. Anagogoda kawiri, mwamsanga, ndipo vidiyo inatseguka ulendo woyamba womwewo.

"Eee, asewere, mumazitha!" anatero a Phinias.

"Timayesako," anayankha Estina modzichepetsa, koma mumtima akuvina.

Pa sikirini amayi anali atawerama, wina akutsogolera pemphero. Aliyense anakhala chete mwaulemu. Koma Emeliana anatukula khosi, nayang'anitsitsa. Kumbuyo kwa amayi opempherawo kunali mulu wa mapoto, mabeseni ndi mbaula yatsopano.

"Amai," anatero motsitsa mawu, "iyi si ya ukwati. Ni kicheni pate."

Estina anayang'anitsitsa mapotowo. Zoonadi, kicheni pate inayamba ndi pemphero! Amayi a manja m'mwamba aja anali kululutira akwati pa khomo la tchalitchi. Anafufuta ukwati wa mwana wake n'kusunga manyazi ake.

Anathamangitsa chala kuti atseke, koma chala cha phuma sichimva malangizo. Kamuvi kanatsetsereka n'kukagwera pa kamzere ka m'munsi, ndipo vidiyo inadumpha mapemphero, inadumpha mphatso, n'kukatera pakati penipeni pa gule. Ng'oma inaphulika mu sipika ya golosale ija. Estina anakumbukira kuti pali batani loimitsa, koma lili kuti? Anadina kena ka pamwamba. Mawu anakwera. Anadinanso mobwereza, ndipo anakwera mpaka malata ananjenjemera.

"Amake Eme, onetsani! Amake Eme, tsikani nacho!" ankaimba amayi a mu vidiyo.

Ana a pa windo anakuwa ndi chimwemwe. Estina anavula kansalu ka paphewa n'kuphimba sikirini, koma nsalu siitseka pakamwa pa sipika. Nthungululu zinapitirira kumveka mpaka ku msewu. Emeliana ndiye anadumpha n'kudina batani lalitali lija, ndipo ng'oma inaleka.

Estina anakhala chogwada, nkhope ili m'manja. Anafuna nthaka ing'ambike. Woyamba kulankhula anali Mordecai, amene misozi ya kuseka inali mbwembwembwe.

"Amake Eme, zaka zonsezi mumandiuza kuti msana ukuwawa. Msana wake ndi umenewu?"

"Atate, chonde," anatero Emeliana, naye akudziluma milomo.

A Mailesi sanaseke. Anavula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso. Estina anadikira chiweruzo.

"Asewere," anatero mayiwo, "chotsani nsaluyo. Mwatibisira pabwino. Ine ndinakwera basi msanga tsiku lija, ndiye mukufuna mundimane kawiri?"

"Asewere, manyazi andigwira."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwana wanu woyamba akukwatiwa, munkafuna muvine ngati mwabwerekera miyendo? Kwathu ku Katete mayi wosavina pa tsiku lotere timamufunsa ngati mwanayo ndi wakedi." Anaimirira, namanga chitenje chawo m'chiuno mwamphamvu. "Iwe Emeliana, bweza kumbuyo. Pali pena pamene anatembenukira kumanzere, ndikufuna ndione anachita bwanji."

"Koma vidiyo ya ukwati ndaitaya," anaulula Estina. "Ndinafufuta ndi dzanja langali. Madzi akatayika saoleka."

"Awa amaoleka, amai," anatero Emeliana. Anamuonetsa kachithunzi ka bini yotayamo zinyalala pakona pa sikirini. "Zonse mufufuta zimayamba zagona umu. Gogodani."

Estina anagogoda, ndipo vidiyo ya ukwati inali momwemo, pamodzi ndi Mordecai wosinza uja. Emeliana anamulozera podina, ndipo vidiyoyo inabwerera pamalo pake yamoyo. Kenako anamuphunzitsa kupanga foda, kathumba kosungiramo zinthu, ndi kukokeramo vidiyo ya gule ija osachotsa chala. Estina analemba yekha dzina lake, chilembo chimodzichimodzi: ZA AMAI CHABE.

Mtima unatsikako, koma munga weniweni unali usanazulidwe. Nthawi yonseyi anali asanayerekeze kuyang'ana kukhomo. Anatembenuka pang'onopang'ono. Kampando ka Reuben kanali kopanda munthu. Mpando wa ndalema nawonso unali wokha.

"Apita?" anafunsa. "Akwiya?"

"Mwana uja?" anatero Mordecai akupukuta m'maso. "Emeliana atangoti kicheni pate, ng'oma isanalire n'komwe, anali atatuluka kale chogwira bambo ake dzanja. Anathawa ngati waona njuchi. Nsapato zake izo wazisiya."

Zoonadi, nsapato za Reuben zinali pakhomo, zopukutidwa bwino, zitagundana mphuno. Estina anatunga madzi m'jagi, natenga makapu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Dzuwa linali likuswa mtengo. Kutali, kupitirira nkhokwe, Reuben ndi bambo ake anali ataima pa khola la mbuzi, misana atalozetsa kunyumba. Panalibe mthunzi. Mnyamatayo anali ndi masokosi okha, akusinthanitsa mapazi pa dothi lotentha, malaya atanyowa ndi thukuta, koma khosi osalitembenuza ngakhale pang'ono. M'nyumba ng'oma inali itayambanso, ndipo mawu a a Mailesi ankamveka pamwamba pa onse.

Estina anagwada patali monga mwa mwambo, naika jagi pansi. Reuben atamva mapazi ananjuta msanga, naomba m'manja, maso ali pa dothi.

"Pepani, atate, mwapsa ndi dzuwa," anatero Estina.

"Iyayi, amai, tili bwino. Tinabwera kudzaona mbuzi. Muli ndi mbuzi zabwino kwambiri," anayankha Reuben.

"Makamaka yamawangayo," anawonjezera a Phinias, mapewa akugwedezeka. "Taiyang'ana mpaka tayamba kudziwana nayo. Ng'oma tinaimva, asewere, makutu alibe zitseko. Koma maso athu anali pa mbuzi."

"Atate!" anatero Reuben mochonderera, osatukula mutu.

Estina anayang'ana masokosi odzaza chisoso aja, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Anali atada nkhawa usiku ndi usana kuti ateteze ulemu wake ndi batani, osadziwa kuti mwana wa eniakeyu anali wokonzeka kupsa mapazi kuti amusungire ulemuwo. Anasangalala kwambiri, ndipo chisangalalo chake chinali chachikulu kuposa cha tsiku la ukwati, chifukwa tsopano anadziwa kuti Emeliana ali m'manja otani.

Anadzuka, nabwerera kunyumba, n'kuima pa windo.

"Atate ake Eme! Bwerani ndi chingwe."

Mordecai anasuzumira. "Chingwe cha chiyani?"

"Mukamange mbuzi yamawanga ija. Ikupita ndi apongozi."

"Yamawanga? Ija ili ndi bere? Amake Eme, kuvina mwavina inu, mbuzi yanga yalakwa chiyani?"

"Mukamange," anatero Estina. "Ndipo muwatengere nsapato zawo."