Mphete pa Bateriya

Mwamuna wa Perpétua, Belarmino, anali makaniko wa kandege konyamula odwala ochokera m'maboma akutali a Niassa. M'mawa uliwonse asanapite ku bwalo la ndege ankavula mphete yaukwati n'kuiponya m'kambale ka pawindo. Ankati amakaniko savala zitsulo m'manja, ndi lamulo la ntchito, ndipo zaka zonsezi Perpétua ankangovomera.

Koma chaka chino kunabwera woyendetsa ndege watsopano, Cláudia, wosakwatiwa, woseka mokweza. Dzina lake linayamba kudya nawo patebulo. Cláudia wati mafuta, Cláudia wati matayala. Kenako inafika Juni, mwezi umene tauni yawo ya Lichinga imazizira mpaka mano kugundana, Belarmino n'kumachedwa madzulo akufunditsa injini bulangete, n'kumalawiranso kukatenthetsa oyilo. Injini yofunditsidwa ndi mwamuna, mkazi kunyumba akudzifunditsa yekha! Nsanje inamulowa Perpétua mpaka m'mafupa, ndipo lamulo lija linayamba kumununkhira.

Tsiku lina anaima pakhomo, mphete ili m'manja.

“Lero aliyansa iyi muvala, bambo a Nércio.”

“Ndakuuza kangati, Perpétua? Ku serviso sitivala, ndi lamulo la ntchito.”

“Ku serviso, kapena pamaso pa Dona Cláudia? Aone kuti muli ndi mwini wake.”

Mawu anali atakwera, ndipo kudera lawo la Sanjala makoma sabisa kanthu. Belarmino anatambasula chala, mphete inalowa, nanyamuka osatsanzika.

Perpétua sanakhutire. Mphete imavulika panjira. Anathira tiyi mu fulasiki, nakwera njinga yamoto kumutsatira. Mlonda ankamudziwa, choncho anamulola kuima pakhomo pa shedi ya ndege. Anaona mwamuna wake atawerama pamphuno pa kandegeko, mphete ikuwala pachala, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Cláudia anali chapafupi, akupuma nthunzi, akufulumiza. Kuzizira kunali kutafooketsa bateriya, injini yakana kulira, pomwe kutali uko mayi wina wovutika pobereka ankadikira ndegeyo.

Belarmino ankamasula bateriyayo kuti aike ina. Manja anali atauma ndi chisanu. Sipanala inagwira mutu wa bateriya, mphete inakhudza chitsulo cha ndege, ndipo kunathetheka moto woyera. Kukuwa kumene anakuwa Belarmino, Perpétua anali asanakumvepo.

Perpétua anangoima pakhomopo. Amene anathamangirako anali Cláudia. Anatola mtengo wotsekera tayala, namenya sipanalayo mpaka inagwa, nakokera Belarmino pansi, namuthira madzi a m'botolo padzanja. Mphete inali itawotcha khungu mozungulira, ndipo chala chinkatupa anthu akuona.

“Abdulai, alikate! Msanga, chala chifa ichi!” Cláudia anakuwira mlonda uja.

Anaika dzanjalo pabondo pake. Ndi chodulira wayacho anadula mpheteyo kamodzi, nadulanso mbali inayo, akulankhula motsitsa, akumutchula “Bela”, dzina limene Perpétua ankayesa kuti ndi la kuchipinda kwake kokha. Ngakhale pamenepo, mwamuna wake akubuula, chimene chinamubaya Perpétua ndi dzinalo. Anachita nazo manyazi, koma chinamubayabe.

Cláudia atamanga chalacho, anadzuka ali wolusa. “Mano, achimwene, nchiyani ichi? Aliyansa pa bateriya? Ndipo mayi uja amutenga ndani tsopano?”

Belarmino anatukula maso. Apo mpamene anaona mkazi wake pakhomo, atakumbatira fulasiki. Anamuyang'ana pang'ono chabe, nabwezera maso kudzanja lake.

“Ndinaiwala kuvula,” anatero.

Cláudia anatembenuka kutsatira kumene maso aja anapita. Anayang'ana Perpétua, nayang'ana fulasiki. Anatola tizidutswa tiwiri ta mphete ija pa simenti, nayenda mpaka pakhomo, natiika m'dzanja la Perpétua, namupinda zala yekha. Sanakweze mawu.

“Mana, achemwali anga, ndagwira nawo ntchito miyezi yochepa chabe,” anatero, “koma ndikudziwa kuti amuna anuwa saiwala kanthu.”