Yankho Alowa Kudepoti Kasanu ndi Kawiri

Dzuwa lisanatuluke Feggie anali atathirira kale nazale ya fodya kudimba, watunga madzi kumjigo, wachapa matewera, wamwetsa mwana wake Yankho phala. Inatsala ntchito imodzi: kukagula thumba la feteleza wa makuponi kudepoti ya kwa Kaomba. Popanda thumba limenelo chimanga chake chikanangokhala udzu. Amuna ake, a Esau, anati iwo mutu ukuwawawa.

Anapeza mzere utakhota mpaka kuseri kwa chigayo. Koma mlonda wa pageti anali ndi lamulo lake: mayi wobereka khanda azingolowa, osaima pamzere.

Akulunjika kugeti, mayi Consolata a kumpingo kwawo anam'koka chitenje.

"Make Yankho, tandibwerekani mwanayo. Miyendo yatupa iyi. Ndikupatsani handiredi."

Feggie anayang'ana mzere uja, azimayi okhaokha opanda kanthu kumsana. Si mpamba wa geni ya mandasi uwu, wabwera wokha?

"Handiredi fifite," anatero uku akumasula mbereko. "Akalira mum'gwedeze basi."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, kuponi yake ili pachifuwa. Thumba lake agula pambuyo, nanga geti likuthawa? Yankho, ndi kachipewa kake kofiira, ankangochoka pamsana uwu kupita pamsana uwo. Pofika masana mtengo unali thuu handiredi. Anabwereka ngakhale mayi wina waimvi mbuu, wopanda dzino n'limodzi lomwe.

"Amayi, khandali ndi lanu?" anafunsa mlonda.

"Mulungu salephera, bambo."

Feggie m'mutu anali atakazinga kale mandasi, wagula njinga, wayamba kufunsa mtengo wa malata.

Kenaka kunamveka mfuu: "Atsala matumba twente!"

Anadzambatuka, kulanda mwana kwa kasitomala wachisanu ndi chiwiri, kum'ponya kumsana, liwiro kugeti. Mlonda sanayang'ane n'komwe Feggie. Anawerama n'kupatsa moni kachipewa.

"Bwana, mwabweranso? Kodi muli ndi esiteti?"

"Achimwene, uyu ndi wangadi. Ndinabereka ndekha."

"Onse atero lero."

"Ndimuyamwitse muone!"

Anakhala pansi pomwepo, anthu atazungulira. Koma Yankho anali atakhuta. Mayi aliyense ankam'tseka pakamwa ndi kanthu: uyu bisiketi, uyu thobwa, uyu nthochi. Analiyang'ana bere ngati sanalionepo, n'kutembenuka, n'kutambasulira manja mayi Consolata amene ankadikira ngolo ndi thumba lawo.

Kunali phwete mzere wonse.

"Mayi, bwezani mwana wa eni," anatero mlonda. "Mzere ukuyambira kuchigayo."

Geti linatsekedwa kutsogolo kwa Feggie kutatsala anthu sikisite. Lole ina inalonjezedwa, koma mvula inagwa, chimanga chinamera, lole osaoneka.

Tsiku limenelo Feggie anapeza K1,250. Thumba lomwe pa kuponi linali K500 anakaligula kwa mavenda pa K14,000, atagulitsa nkhuku zonse ndi wailesi ya a Esau. Yankho anatsegula m'mimba masiku atatu: kabaza wa kuchipatala K600, sopo wa matewera K300. A Esau sanam'lankhule sabata yathunthu, koma zimenezo Feggie sanaziwerengere.